Makadi Amene Sindinachotse

Ntchito yanga yoyamba ya m'laibulale ndinakaigwira ku Mangochi, masiku amene chipani chinali chimodzi ndipo munthu unkayamba wayang'ana kumbuyo usanaseke. Yunivesite inali ndi kasiteshoni m'mbali mwa nyanja, pa msewu wopita ku Makokola, kumene ophunzira za nsomba ndi madzi ankabwera miyezi ingapo pachaka. Panali nyumba ya abwana oyang'anira siteshoniyo, shedi ya maboti, chipinda choyezeramo nsomba, ndi laibulale ya zipinda ziwiri. Laibulaleyo ndiyo anandipatsa ine. Ndinali wochokera ku Ntcheu, wozolowera mphepo ya kumapiri, ndipo chaka choyamba ntchito yaikulu imene ndinagwira inali kupukuta thukuta ndi kudandaula.

M'laibulalemo tinalimo awiri, ine ndi amesenjala. Iwo anali munthu wamkulu, Myao wa ku Namwera, wovala kofia yoyera tsiku lililonse, ndipo anayamba ntchito pamalopo nyumbayo isanafoleredwe n'komwe. Kiyi inali imodzi yokha ndipo inkakhala ndi iwo. Ankatsekula m'mawa, kusesa zitosi za mileme, kupukuta fumbi, ndi kulondola njira za chiswe m'makoma ndi kandodo kawo. Chingerezi sankachiwerenga. Ankawerenga zilembo za Chiarabu zimene anaphunzira ku madarasa, komanso manambala. Koma poti buku lililonse limakhala ndi nambala kumsana, ankabwezera mabuku m'mashelefu mofulumira kuposa ine amene ndinali ndi satifiketi. Pagulu ankanditchula bwana, tikakhala awiri ankati achimwene. Ine ndinkawatchula abambo. Nditafika zinali zitatsala zaka zisanu kuti apume pantchito ndi kuyamba kulandira penshoni, ndipo ankaitchula penshoniyo ngati m'bale wawo amene ali m'njira.

Masiku amenewo kunkabwera makalata a mndandanda wa mabuku oletsedwa. Kalata yotere ikafika, ntchito yanga inali yodziwika: kuchotsa bukulo pashelefu, kuchotsa makadi ake onse m'kabati, kuwotcha bukulo, ndi kuyankha kuti zachitika. Mabuku ambiri a pamndandanda ife tinalibe, chifukwa laibulale yathu inali ya nsomba. Koma mphunzitsi wina amene anachoka m'dziko muno mwadzidzidzi anatisiyira makatoni a mabuku ake, ndipo amene ananditsogolera pantchitoyo anawalowetsa onse m'kaundula osasankha. Munali a ndale za maiko oyandikana nawo, a mbiri ya zigawenga zomenyera ufulu, a ulimi wa m'maiko amene boma lathu silinkawapatsa moni. Ena sindinadziwe chimene analakwa. Sindinkafunsa. Munthu wofunsa chifukwa chake buku laletsedwa ankaoneka ngati waliwerenga.

Kabati ya makadi ndiyenera kuifotokoza, chifukwa ana a lero sanaione. Inali ya matabwa, ya madilowa ang'onoang'ono ambiri. Buku lililonse linali ndi makadi atatu m'madilowa osiyana: la dzina la wolemba, la mutu wa buku, ndi la nkhani yake. Khadi lililonse linali ndi bowo m'munsi, ndipo kachitsulo kakatali kankadutsa m'mabowo onsewo kuti makadi asatayike kapena kusokonezeka. Pofuna kuchotsa khadi, unkayamba wasolola kachitsuloko. Koma chinyontho cha kunyanja sichisiya chitsulo chili bwino. Tizitsulo tathu tonse tinali titagwidwa dzimbiri, titakanirira. Njira ina inali kung'amba khadi, ndipo kusukulu anatiphunzitsa kuti wong'amba khadi ndi munthu wosalongosoka. Ndinadziuza kuti ndipempha amakaniko a maboti adzandimasulire. Sindinawapemphe. Ndinganene kuti ndinasiya makadiwo chifukwa cha chikondi changa pa mabuku, ndipo ena amene anachita zofanana ndi zanga amanena choncho masiku ano. Changa chinali ulesi. Buku limodzi, madilowa atatu, dzuwa la ku Mangochi: ndinkati mawa.

Choncho mabuku okha ndiwo ankachoka. Ndinkawapereka kwa amesenjala pamodzi ndi kabotolo ka parafini, n'kunena kuti akawotche kudzenje la zinyalala kuseri kwa chipinda choyezera nsomba. Pakapita kanthawi ndinkaona utsi pazenera, n'kukhala pansi kutaipa kalata yoti zachitika. Zinayenda choncho zaka zitatu.

Kenaka kunabwera kalata ya mtundu wina. Inati kuli kafukufuku wofananitsa malaibulale a mayunivesite a maiko angapo a kuno kumwera, kuti aone amene akupita patsogolo ndi amene atsalira, ndipo nafe, ngakhale tinali kanthambi, tidzayenderedwa. Pamodzi ndi kalatayo panali fomu ya masamba ambiri. Inkafunsa mabuku angati pa wophunzira mmodzi, mipando ingati, timatsekula maola angati, magazini a sayansi ochokera kunja amafika angati, ogwira ntchito ophunzira ndi angati, makina oziziritsa mpweya alipo angati. Pa funso lomalizali ndinaganiza zolemba kuti mazenera awiri, koma nthabwala sizinkalembedwa pa fomu ya boma.

Abwana a pasiteshoni anali katswiri wa nsomba, munthu wosakonda phokoso, amene moyo wake wonse ankafuna chinthu chimodzi: kuti dzina lake lisamveke kulikulu. Analamula kuti tipake laimu m'makoma. Tinabwereka mipando kusukulu yoyandikana nafe. Amesenjala anapukuta buku lililonse, n'kuongola chithunzi cha mtsogoleri chimene chinkapendekeka pakhoma. Za makadi sindinaziganize ngakhale kamodzi.

Mlendoyo anafika Lachisanu m'mawa pa galimoto ya boma. Anali mayi wa ku Zambia, wamagalasi, wonenepa bwino, woyang'anira laibulale yaikulu kwao. Anali atamanga chitenje pamwamba pa buluku, chifukwa kuno akazi sankaloledwa kuvala buluku, ndipo miyendo ya bulukulo inkasuzumira m'munsi. Anabwera ndi bambo wina wa kuboma, wa suti yakuda, amene ntchito yake sinatchulidwe. Alendo onse a kunja ankayenda ndi munthu wotere. Tinali titakonzeka kulankhula Chingerezi ndi kumanong'onezana m'Chichewa, koma mayiyo anatipatsa moni m'Chinyanja cha kwao, ndipo tinazindikira kuti tilibe kothawira.

Pomwa tiyi anatifotokozera zimene anaona m'maiko ena. Kwina anapeza nyumba ya nsanjika zinayi, yokongola, koma buku latsopano lisanalowemo kwa zaka. Kwina magazini onse a sayansi analekera chaka chimodzi, chaka chimene ndalama zakunja zinatha, ngati mzere wa madzi pakhoma chigumula chikapita. Kwina ophunzira ankang'amba masamba chifukwa buku linali limodzi ndipo mayeso anali pafupi. Anati fomu siimuuza zambiri, chifukwa aliyense amalembapo zimene akufuna kuti zikhale zoona. Chimene ankakhulupirira chinali chimodzi: kodi buku limene kabati ikunena kuti lilipo, lilipodi? Bambo wa kuboma anagwedeza mutu, nati kuno kwathu zonse zili m'malo mwake.

Njira yake inali yosavuta. Ankatsekula dilowa, kuyang'ana kumbali, kulowetsa chala pakati pa makadi, n'kulemba nambala ndi mutu wa khadi limene chalacho chagwera. Kenaka ankapita kushelefu kukalifuna bukulo. Pa pepala lake panali mabokosi anayi: lapezeka, labwerekedwa, lili kokonzedwa, latayika. Khadi loyamba linali la buku la matenda a nsomba, ndipo linapezeka. Lachiwiri chimodzimodzi. Ndinayamba kupuma bwino. Lachitatu ndinaliwerenga ndili kumbuyo kwake. Linali la buku limene ndinapereka kukawotchedwa chaka chapitacho.

Anafunafuna pashelefu, nabwerera.

"Ili buku lili kuti?" anafunsa.

Abwana anali ataima pakhomo. Bambo wa kuboma anali atakhala pampando wanga, akudzikupiza ndi fomu ija.

"Latayika," ndinatero.

Liwulo linangotuluka. Ndikanati chiswe chinadya, koma buku lodyedwa ndi chiswe limakhala ndi pepala lake losainidwa, ndipo ndinalibe. Ndikananena zoona, kuti linachotsedwa molamulidwa, ndikanakhala ndauza munthu wakunja nkhani imene sitinkaloledwa kuvomereza kuti imachitika. Komanso ndikanaulula pamaso pa bambo wa suti kuti kwa zaka zitatu mitu ya mabuku oletsedwa yakhala ili m'kabati, wophunzira aliyense akuiwerenga, ine ndikulemba makalata onama oti zachitika. Anthu ankatengedwa pa zifukwa zochepera pamenepo. Ndinasankha liwu limene silinkandikhudza ine.

Makatoni a mphunzitsi uja anali aakulu, ndipo laibulale yathu inali yaing'ono. Pofika masana chala cha mayiyo chinali chitagwera pa makadi otere kangapo, ndipo nthawi iliyonse ndinkabwereza liwu lomwelo, mosavuta kuposa poyamba. Iye ankangolemba. Bambo wa kuboma mitu ya mabuku sankaiyang'ana, koma ankawerenga kangati ndanena kuti latayika.

"Katundu wa boma satayika yekha," anatero pomaliza. "Amasunga kiyi ndani?"

Abwana anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana pansi.

"Amesenjala," anayankha abwana.

Amesenjalawo anali atapita kumzikiti, monga ankachitira Lachisanu lililonse. Pamene ankabwerera, galimoto inali itanyamuka kale kupita ndi mlendo ku Makokola, kumene ankagona, ndipo mlendoyo anali atanena kuti adzabweranso Lolemba kudzamaliza. Abwana anaitanira amesenjalawo pakhonde. Sanakalipe, chifukwa sanali munthu wokalipa. Anangonena kuti mabuku ambiri asowa, kuti nkhaniyo yamveka kale kuboma, ndipo ngati sapezeka pofika Lolemba, iwo alemba kalata yowachotsa ntchito chifukwa cha kuba. Wochotsedwa chifukwa cha kuba analibe penshoni. Onsefe tinkadziwa zimenezo.

Amesenjala anandipempha pepala la manambala a mabuku osowawo. Ndinawakopera manambala okha. Anawayang'ana nthawi yaitali, akuyendetsa chala, kenaka anapinda pepalalo n'kuliika m'kofia. Anakhoma chitseko, nakwera njinga.

Loweruka ndi Lamlungu ndinakhala m'nyumba. Kawiri ndinavala nsapato kuti ndipite kwa abwana ndikanene zoona, kuti mabukuwo ndi aja oletsedwa ndipo cholakwa chili pa makadi amene ine sindinachotse. Ulendo wachiwiri ndinafika mpaka pampanda wa nyumba yawo, ndikumva wailesi ikulira mkati. Ndinaima, n'kupitirira ngati ndikupita kukagula machesi.

Lolemba ndinalawirira. Chitseko chinali chotsekula kale, pansi posesedwa, njinga itatsamira khoma. Nditalowa ndinaona kuti mashelefu athina. Mipata imene ndinaizolowera kwa zaka zitatu inali itatsekeka. Ndinayandikira n'kuwerenga misana. Onse anali pamenepo, lililonse pa nambala yake, oyera bwino, akununkha utsi wa kukhitchini ndi fodya wouma.

Amesenjala anali ataima pakona, tsache lili m'manja, nkhope yowala ngati ya munthu amene wamaliza kulima ndime yake.

"Apezeka, achimwene," anatero. "Onse. Werengani."

"Abambo, mabuku awa si aja ndinakuuzani kuti mukawotche?"

"Ndi omwewo."

"Nanga utsi umene ndinkauona?"

"Zinyalala. Parafini simunandipatse kuti ndimwe."

Ndinawafunsa chifukwa. Anandiyang'ana ngati ndafunsa chinthu chimene mwana aliyense amadziwa.

"Dzenje lija timatayamo mamba ndi matumbo a nsomba. Agalu amakodzamo. Ine Chingerezi sindichidziwa. Ndikanadziwa bwanji tsamba limene lili ndi dzina la Mulungu ndi limene lilibe? Ife pepala lolembedwa sitiliponda, sitiliponya pauve. Ndinkapita nawo kumudzi, n'kuwakulunga m'nsalu, n'kuwaika kudenga. Ku Namwera kulibe chinyontho ngati kuno. Onani, ngakhale chiswe sichinalawe."

Anali atapalasa njinga Loweruka kukwera phiri lonse lija, n'kutsika Lamlungu ndi matumba awiri. Ndinawafunsa za pamlatho wa Shire, pamene anyamata a chipani ankaimika anthu ndi kusanthula katundu. Anati anawaimikadi, koma pamwamba pa matumba panali chinangwa chimene ananditengera ine, ndipo anyamatawo anangotengako ziwiri n'kuwauza kuti apite. Sanaike chinangwacho kuti abise kanthu. Sankadziwa kuti panali chobisa. M'maganizo mwao, boma linkafuna kuti mabukuwo achoke m'laibulale, ndipo anachoka. Tsopano boma likuwafuna, ndipo abwera.

Ndinali ndisanapeze poyambira pamene galimoto inalira panja. Bambo wa kuboma anakhala pakhonde pamene panali kamphepo, napempha tiyi. Abwana anali ku shedi ya maboti. Mayi wa ku Zambia analowa yekha, pepala lake lili m'manja, n'kupita molunjika kushelefu kukayang'ananso aja osowa, monga mwa ntchito yake. Anasolola loyamba, nawerenga mutu. Anasolola lachiwiri. Lachitatu anangoligwira msana osalitulutsa. Kenaka anatiyang'ana tonse awiri, ine ndi amesenjala. Kwao nakonso chipani chinali chimodzi. Sanafunike kuuzidwa.

"Lipoti yanga iyenda ku likulu lanu," anatero chapansipansi. "Mitu yonse nalemba kale, na uja bambo anaona pepala. Nikalemba kuti apezeka, ndiye kuti ali pashelefu lero, na aliyense azafunsa anali kuti. Manje nilembe chani?"

Ndinawafotokozera amesenjala mwachangu, m'mawu ochepa, kuti munthu wopezeka ndi buku limodzi lotere m'nyumba mwake amatengedwa ndipo abale ake sauzidwa kumene wapita. Iwo anasunga matumba awiri kwa zaka zitatu, n'kudutsa nawo pamlatho masana. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kuwala kuja kunachoka pankhope pawo pang'onopang'ono.

"Ndiye akakhala kuti apezeka, ndipita kundende," anatero. "Akakhala kuti sanapezeke, ndine mbala."

"Ndi choncho, abambo."

"Palibe njira ina, achimwene?"

Mayi uja nayenso anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Kulibe china chamene mungauze abwana anu?" anafunsa.

Njira inalipo, ndipo atatu tonse mwina tinkaidziwa. Tikanabisa mabukuwo, ine n'kupita kwa abwana ndi bambo wa suti kukanena kuti palibe chimene chinabedwa: mabuku anawotchedwa molamulidwa, wolakwa ndi ine amene ndinasiya makadi ndi kunama Lachisanu. Amesenjala akanatsala ndi ntchito yawo ndi dzina lawo. Chimene chikanandichitikira ine sindikuchidziwa mpaka lero. Mwina kudzudzulidwa chabe ndi kusamutsidwa. Mwina zoposa apo. Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndi mkazi woyembekezera ku Ntcheu. Izi ndazinena kwa ine mwini kambirimbiri, ndipo ndi zoona, koma sizinandikhutitsepo.

"Lembani kuti atayika," ndinatero.

Mayiyo anapinda pepala lake. Anatenga kapu yake ya tiyi n'kukaima pakhomo, thupi lake litadzaza chitseko chonse, nayamba kufunsa bambo wa kuboma za mtengo wa chambo ndi kumene angagule mphasa zabwino. Anamusunga choncho mpaka ife titamaliza. Amesenjala ankatsitsa mabuku, ine ndikuika m'matumba. Sanalakwitse ngakhale limodzi. Tinakankhira matumbawo kuseri kwa kabati m'chipinda chamkati, n'kuunjikapo manyuzipepala akale.

Madzulo ake, alendo atapita, abwana anandiuza mawu a kalata ndipo ine ndinataipa, chifukwa taipi inali m'laibulale. Inali kalata yaifupi. Bambo wa kuboma anali atanena kuti nkhani ya kupolisi aisiya poona ukalamba wa munthuyo, ndipo abwana anaona ngati achita chifundo chachikulu. Amesenjala analandira kalatayo ndi manja awiri. Anamasula kiyi pa chingwe cha m'chiuno n'kundipatsa, nandionetsa mmene ndiyenera kukokera chitseko kuti loko igwire. Anandiuzanso kuti kuseri kwa shelefu yachitatu kuli njira ya chiswe imene imabwerera mvula ikayamba. Chinangwa chija anachisiya pakhonde.

M'mawa mwake ndinanyamula matumba aja ndekha kupita nawo kudzenje. Kwina kulikonse utsi ukanafunsidwa, koma pamenepo anthu anauzolowera. Munali mamba, mitu ya nsomba, ntchentche. Mabuku sapsa msanga monga anthu amaganizira. Amafuna kutembenuzidwa ndi ndodo, ndipo ndinakhalapo mpaka dzuwa linafika pamutu. Nditabwerera ndinathira parafini wotsala pa tizitsulo ta m'madilowa, n'kubwereka pulayala kwa amakaniko. Tizitsulo tonse tinamasuka ola lisanathe.

Lipoti linafika patapita miyezi yambiri, buku lachikuto chobiriwira. Munali matebulo ofananitsa maiko: uyu watsogola pa mipando, uyo pa magazini, wina pa ogwira ntchito ophunzira. Dziko lathu silinachite moipa, ndipo kulikulu anakondwa. Kanthambi kathu kanatchulidwa malo amodzi, m'ndime ya mabuku osapezeka pashelefu, ndi mawu oti m'malaibulale ang'onoang'ono akutali katundu amatayika chifukwa antchito apansi sayang'aniridwa mokwanira. Sindikudziwa ngati amene analemba mawuwo anali mayi uja kapena wina wokonza lipotilo. Ndinalidinda chidindo, ndinalipatsa nambala, n'kulitaipira makadi ake atatu. Chaka chotsatira anandituma ku maphunziro a kasamalidwe ka mabuku kuti vutolo lisabwerezeke, ndipo maphunziro amenewo ndiwo anandikweza pantchito. Pambuyo pake inenso ndinayendapo m'maiko ena ndi fomu yanga, ndikulowetsa chala m'madilowa a anthu. Wina akandiyankha msanga kuti latayika, ndinkayang'ana amene waima pakhomo.

Amesenjala ndinakumana nawo kamodzi kokha, ndisanachoke ku Mangochi. Linali tsiku la msika paboma, ndipo anali atakhala pansi pa mtengo, atayala thumba, akugulitsa nandolo ndi tomato wa ku Namwera. Anali ataonda, kofia itayamba kuda m'mbali. Ndinafuna kudutsa ngati sindinawaone, koma anandiitana.

"Achimwene."

Ndinagwada pambali pawo. Anafunsa za mkazi wanga, ndipo nditawauza kuti kunabadwa mwana wamkazi anaseka, nati ndayamba bwino. Anafunsa za chiswe cha kuseri kwa shelefu yachitatu. Ndinkadikira kuti atchule kalata ija, kapena penshoni, kapena zimene anthu ankanena za iwo kumudzi ndi kumzikiti, chifukwa mbiri ya kuba imafika munthu asanafike. Ndinali nditakonzeka kulandira mawu alionse. Iwo anayang'ana uku ndi uku, n'kusendera pafupi.

"Aja munawotcha?"

"Ndinawotcha, abambo."

"Kuti?"

Ndinaona dzenje lija m'maso mwanga, ndi ntchentche zake.

"Kumchenga," ndinatero. "Pamalo oyera, kutali ndi anthu. Phulusa ndinakwirira."

"Alihamudulilahi," anatero pothokoza Mulungu, napuma mpweya wautali. "Chimenecho ndicho chinkandisowetsa tulo."

Anatola tomato anayi, osankha bwino, n'kuwaika m'manja mwanga. Nditafuna kulipira anakana, nati ndikapatse mayi wa mwana. Ndinanyamula tomatoyo mpaka kunyumba.